Pikapu ya pa chionetsero: muigule kapena muyang'ane kwina?

Mlamu wanga amapikula mpunga ku Lifuwu n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Chaka china anapezeka ku Blantyre nthawi ya chionetsero cha zamalonda cha pa Chichiri, chija amakonza a bungwe la amalonda la MCCCI, ndipo anabwerako mtima utatsalira pa pikapu yoyera imene anaiona itaimikidwa pa kapeti, matayala ali phuliphuli ngati awadzoza mafuta ophikira. Mnyamata wa kampani anamukokera pambali n'kumuuza kuti chionetsero chikangotha galimotoyo itsika mtengo poti ndi demo, kutanthauza galimoto yoonetsera makasitomala. Atabwera anandipeza pa Kamuzu Road, ndipo asanakhale n'komwe pansi anayamba: "Alamu, kodi magalimoto amenewa amapita kuti anthu akabalalika? Ndiigule?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo, chifukwa dzina loti demo limafunditsa magalimoto osiyana kwambiri. Zimene tinakambirana masabata otsatira ndi zimene ndalemba pano, pamodzi ndi njira zina zitatu zimene munthu wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amaziganizira akagwira ndalama ya galimoto m'manja. Njira iliyonse tiiyeza ndi miyeso inayi.

## Miyeso inayi

Mtengo. Musayang'ane nambala yomatidwa pa galasi. Werengani ndalama yonse yotuluka m'thumba mpaka galimoto itaima pakhomo panu ili ndi nambala, COF, inshulansi ndi blue book ya dzina lanu. Kuno sitipanga magalimoto, onse amabwera ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inasintha anthu ali m'tulo. N'chifukwa chake muno tiyerekeza kumene ndalama imapita, osati makwacha a lero amene mawa akhala atakalamba.

Kapezekedwe. Ilipo ingati, ili kuti, ndipo mudikira nthawi yaitali bwanji. Wogula mpunga amene waphonya miyezi yokolola wataya chaka.

Kasamalidwe. Muyeso uwu anthu a mu Lilongwe sauganizira, koma ife umatipweteka. Kuchoka pa Salima kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100. Wa pa boma la Nkhotakota awonjezerepo ena oposa 100 a pa M5, wa ku Dwangwa ndiye tisanene. Galimoto imene sevisi yake imatheka ku Lilongwe kokha imadya tsiku lathunthu ndi mafuta a ulendo wopita ndi wobwera, isanalipiridwe n'komwe sevisiyo.

Zoopsa. Mapepala osalongosoka, mbiri yobisika, ndi msewu wathu: kutentha kwa Okutobala, mchenga wa ku Senga Bay ndi ku Maganga, maenje ndi milatho yopapatiza ya pa M5, matope a njira za ku Mwansambo ndi ku Thavite mvula ikagwa, ndi madzi osefukira monga aja anadula msewu ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024.

## Choyamba tichotse amene sagulika

Pa zionetsero zikuluzikulu za kunja, monga cha ku Detroit, cha ku Shanghai kapena cha ku Tokyo chimene kuyambira 2023 chimatchedwa Japan Mobility Show, pamakhala magalimoto ongoonetsera maganizo a kampani. Ena alibe n'komwe injini yeniyeni, amachita kukankhidwa kukwera pa nsanja. Sanayesedwe ngati amateteza munthu pa ngozi, alibe nambala ya chasisi yolembetsera kuboma, ndipo sipeya yake kulibe padziko lonse. Chionetsero chikatha, a mwayi amakasungidwa m'nyumba zosungiramo mbiri ya kampani, ena amazungulira zionetsero zina mpaka atatopetsa, ndipo ambiri amaphwanyidwa dala.

Ngakhale oyenda bwinobwino amaphwanyidwa. Kampani ya Chrysler inapanga magalimoto 55 a injini ya turbine, yofananako ndi ya ndege, cha m'ma 1963 ndi 1964, n'kubwereketsa ambiri mwa iwo kwa mabanja wamba ku America kuti ayese. Kuyesa kutatha, 46 anaphwanyidwa, 9 okha ndiwo anatsala. General Motors inachitanso chimodzimodzi ndi EV1, galimoto ya magetsi imene inapangidwa pakati pa 1996 ndi 1999: oyendetsa ankangobwereka, ndipo kampani itaitanitsa magalimoto ake, ambiri inawaphwanya, ochepa n'kupereka ku masukulu a ukachenjede ndi kumalo osungirako zakale itawathimitsiratu. Kampani imaopa kuti galimoto yopanda sipeya ikachita ngozi, mlandu ubwerera kwa iyo.

Pa Chichiri simudzaona zoterezi. Zimene timaona kuno, kaya pa chionetsero cha zamalonda, cha zaulimi, kapena pa khomo la sitolo yaikulu mu Lilongwe, ndi magalimoto wamba otengedwa m'shopu ya dila, wogulitsa magalimoto atsopano m'dzina la kampani yopanga. Amenewo ndiwo amagulika. Koma pali msampha umodzi woti muudziwiretu: amalonda ochokera kunja amalowetsa katundu woonetsa ndi chilolezo cha kanthawi, msonkho usanalipidwe, ndipo lamulo ndi loti katunduyo abwerere kapena akiliyidwe ku MRA. Wina akakuuzani kuti "titaye pompano m'malo mobwerera nayo", mtengo akukuuzaniwo ulibe dyute. Ndipo ngati chiwongolero chili kumanzere, monga amakhalira magalimoto opangira msika wa ku China, ganizirani mmene mudzadutsire thiraki ya nzimbe pa msewu wopapatiza wa ku Dwangwa musakuona kutsogolo.

## Njira yoyamba: demo ya dila wa kuno

Pano pali magulu awiri amene ogulitsa amawatchula dzina limodzi. Pali galimoto yongoimikidwa kuti anthu aione, ndipo pali yoyesetsa, imene aliyense wofuna kugula amaizungulitsa. Yoyamba ili ndi makilomita ochepa, koma zitseko zake zatsegulidwa ndi kumenyetsedwa kambirimbiri, mpando wa dalaivala wakhalidwa ndi khamu la anthu, batire yathera pa kuyatsa wailesi ndi magetsi injini ili zii, ndipo penti yapukutidwa tsiku ndi tsiku mpaka kuchita timizere. Izi ndi zilonda za pakhungu. Yachiwiri ndiyo yofunika kuifunsa mafunso, chifukwa munthu woyesa galimoto ya eni saimvera chisoni: amaponda mafuta injini isanatenthe, amaponda buleki mwadzidzidzi kuti aone ngati ikugwira, ndipo ngati ili ya giya ya pamanja, kilatchi yadutsa m'mapazi a anthu ambiri, odziwa ndi ophunzira omwe.

Mtengo. Imatsika poyerekeza ndi yatsopano, koma simafika pa mtengo wa ya kaunjika. Ubwino wake ndi woti msonkho unalipidwa kale ndipo mtengo uli m'makwacha, simuvutika kusaka madola. Mabanki nawonso savuta kwambiri kupereka ngongole pa galimoto ya chaka chino yokhala ndi invoisi ya dila. Chokhumudwitsa n'choti kampani imasankha ya pamwamba kuti ikope anthu: mipando ya chikopa, marimu onyezimira, zitsulo zokongoletsa kumbuyo. Zimachitika kuti demo yotsitsidwa mtengo imaposabe yatsopano ya mtundu womwewo yopanda zokongoletsa. Mlamu wanga ataitanitsa mitengo yonse iwiri anapeza zimenezi, ndipo matumba a mpunga safuna mipando ya chikopa.

Chinthu chachikulu chili pa walanti, lonjezo la kampani lokonza mwaulere galimoto ikapezeka ndi vuto la kufakitale. Nthawi ya walanti imayamba kuwerengedwa tsiku limene galimoto inalembetsedwa koyamba, osati tsiku limene inu mwaigula. Tiyerekeze kuti walanti ndi ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, ndipo dila anailembetsa m'dzina lake miyezi 10 yapitayo n'kuiyendetsa makilomita 8,000. Inu mwatsala ndi miyezi 26 ndi makilomita 92,000. Ndalama imene akuchotseraniyo si mphatso, ndi mtengo wa miyezi 10 imene yadyedwa kale. Ndiponso mu blue book mudzakhala mwini wachiwiri, ndipo tsiku lodzagulitsa, wogula adzakukumbutsani. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale ili: inalembetsedwa kale kapena ayi? Ngati inangoimikidwa osalembetsedwa, mukhoza kukhala mwini woyamba ndi walanti yathunthu, ndipo pamenepo mwatola.

Kapezekedwe. Ndi ochepa zedi. Msika wa magalimoto atsopano m'dziko muno ndi waung'ono, ogula ambiri ndi boma, mabungwe ndi makampani, choncho dila sasunga mademo ambiri. Imodzi kapena ziwiri pa mtundu, ndipo kawirikawiri pofika tsiku lotseka chionetsero imakhala italankhulidwa kale ndi kasitomala wamkulu kapena wantchito wa kampani yomweyo. Ku Salima ndi ku Nkhotakota simudzaipeza itaima. Muyenera kusiya nambala yanu kwa ogulitsa ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu n'kumawakumbutsa. Mtundu wa penti simusankha.

Kasamalidwe. Kuti walanti isafe, sevisi iyenera kuchitikira ku galaja yovomerezeka ndi dila, buku n'kumadindidwa. Makaniko wanu wa pa Kaphatenga, ngakhale aluso bwanji, akangotsegula injini, walanti yapita. Wa ku Salima angapirire: kunyamuka m'mawa, kubwera madzulo. Wa ku Dwangwa aziwerengera malo ogona. Galimoto ya bizinesi yoyenda tsiku ndi tsiku imafika pa makilomita a sevisi msanga, mwina kanayi kapena kasanu pa chaka. Kumbali ina, zaka zoyambazo simuyembekezera kugula zinthu zikuluzikulu, ndipo galimotoyi inabwera itakonzedwera misewu ndi mafuta a kuno.

Zoopsa. Zochepa kuposa njira zonse, koma zilipo. Funsani ngati inabwerekedwapo kwa makasitomala amene magalimoto awo anali ku sevisi, chifukwa yotereyi yagona m'makomo ambiri. Funsani ngati inagundidwapo n'kupentedwa, ndipo yankho lilembedwe pa pepala la mgwirizano. Yang'anani tsiku la matayala: pambali pa tayala pali manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero 2323 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2023. Galimoto imene yaima nthawi yaitali padzuwa imakhala ndi matayala ooneka atsopano koma okalamba, ndipo phula la pa M14 mu Novembala silisekerera tayala lotere. Batire pemphani akusinthireni musanasaine.

## Njira yachiwiri: demo ya ku Joni

Ku South Africa msika wa mademo ndi waukulu, madila amawalengeza poyera pa intaneti, ndipo pikapu zambiri zimene timazikonda zimapangidwa komweko: Toyota Hilux ku Durban, Isuzu D-Max ku Gqeberha, Ford Ranger ku Pretoria. Zionetsero monga NAMPO ya ku Bothaville, imene imachitika mwezi wa Meyi, zimadzaza pikapu ndi mathirakitala. Aliyense wa kuno ali ndi mbale wake ku Joni, ndiye njira iyi imakopa.

Mtengo. Pa foni umaoneka wokoma. Onjezanipo kusintha makwacha kukhala marandi, mafuta ndi dalaivala kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, zolipira pa zipata za mayiko atatu, inshulansi ya pa njira, eijenti wokiliya, ndi msonkho wa MRA pa Mwanza kapena pa Dedza. Msonkho wa galimoto ya chaka chino umawerengedwa pa mtengo waukulu, choncho nawo ndi waukulu. Musatumize ndalama musanapeze chiwerengero cha msonkho cholembedwa. Ambiri amene ndawaona akulira analira chifukwa ndalama inathera pa boda, galimoto n'kumagona pamenepo ikuwerengera za malo oimikapo.

Kapezekedwe. Apa ndiye pali kusankha: mtundu, penti, injini, giya. Mapepala akakhala bwino, sabata ziwiri kapena zitatu galimoto ili pakhomo.

Kasamalidwe. Masipeya a Hilux ndi D-Max amapezeka ku Malangalanga ndi ku Biwi mu Lilongwe, ndipo amakaniko athu amazidziwa. Chimene chimatsala ku Joni ndi dongosolo la sevisi yaulere limene ogulitsa amalitamanda, chifukwa limagwira ntchito m'magalaja a kumeneko. Za walanti, pitani kaye kwa dila wa kuno ndi nambala ya chasisi mukamve kuchokera pakamwa pake ngati adzailandire. Osadalira mawu a wogulitsa amene sadzakuonaninso.

Zoopsa. Zazikulu kuposa njira zonse. Pikapu zobedwa ku South Africa zimawoloka malire, zina zitasinthidwa manambala, zina zikadali pa ngongole ya banki ya kumeneko. Galimoto yotuluka mwalamulo imakhala ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO ndi mapepala otulutsira katundu, ndipo kuno imayenera kuonedwanso ndi apolisi isanalembetsedwe. Nambala ya chasisi ili ndi zilembo ndi manambala 17. Iwerengeni nokha pa chitsulo, pa galasi ndi pa pepala, zifanane. Galimoto yobedwa ikagwidwa imalandidwa, ndipo zoti inu munagula mosadziwa sizibweza ndalama yanu. Ndalama izipita ku akaunti ya kampani yogulitsa, osati ya msuweni. Maubale ambiri athera pa galimoto.

## Njira yachitatu: ya kaunjika ya ku Japan

Nawonso madila a ku Japan amagulitsa magalimoto awo oyesetsa, ndipo ena amalowa m'maokushoni akuluakulu monga a USS n'kudzaonekera pa masamba a Be Forward kapena SBT ali ndi makilomita ochepa. Koma tinene zoona: amene timagula ambirife si amenewo. Timagula Sienta, Probox, Vitz, Freed kapena Canter ya zaka khumi ndi kuposa. Ku Japan galimoto ya banja imayesedwa koyamba ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, n'chifukwa chake eni ake amataya msanga magalimoto amene kuno amakhala ngati atsopano.

Mtengo. Wotsika kwambiri pa zonse, ngakhale mutawerengera zapadoko ku Dar es Salaam, dalaivala, mafuta a makilomita oposa 900 kukafika pa Songwe, ndi msonkho umene umatengera chaka cha galimoto ndi kukula kwa injini. Chovuta ndi madola. Kubanki mumadikira, kunja kwa banki mumalipira mtengo wina, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyi kumatha kudya phindu lonse. Kugula imene wina waitanitsa kale n'kuiimika pa yadi ku Lilongwe n'kodula pang'ono, koma mumaiona ndi maso n'kuimva kulira kwake.

Kapezekedwe. Ambirimbiri. Kudikira ndi miyezi iwiri kapena kuposa. Anthu a ku Nkhotakota ali ndi kamwayi apa: galimoto ikachoka pa Songwe imatsika M1 mpaka Mzuzu, n'kulowa M5 kudzera Nkhata Bay ndi Chintheche, kotero imafika kwanu osaona Lilongwe.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene njira iyi imapambana zinzake kutali. Sienta ndiyo yanyamula anthu pakati pa Salima ndi Lilongwe zaka zonsezi, choncho mabushi, mashoko, mabeya ndi mapadi a buleki ake mumawapeza pa boma pompano, ndipo mnyamata aliyense wa pa galaja anaimasulapo. Palibe buku lodinditsa, palibe ulendo. Koma mudzakhala mlendo wa pa galaja pafupipafupi, chifukwa magalimoto amenewa anapangidwira misewu yosalala ndipo ndi aafupi pansi. Giya yodzisintha yokha ya mtundu wa CVT imafuna mafuta akeake, ndipo mukathiramo wamba mwaipha. Mathiraki a dizilo a zaka zaposachedwa ali ndi sefa ya utsi imene imatsekeka mukamayenda timaulendo tatifupi. A hybrid, oyendera petulo ndi magetsi, amapulumutsa petulo, koma batire yake yaikulu simakonda kutentha ndi fumbi, ndipo wodziwa kuikonza ali ku Lilongwe. Kumbukiraninso kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wochokera pa fakitale ya ku Dwangwa komweko imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1982. Pa galimoto yokalamba muziyang'ana mapaipi a raba ndi sefa ya mafuta.

Kanthu kakang'ono koseketsa: wailesi za ku Japan zimayambira pa 76 MHz n'kuthera cha m'ma 90, ndiye masiteshoni ambiri a kuno sizigwira. Musaganize kuti yafa.

Zoopsa. Walanti palibe. Makilomita amabwezedwa m'mbuyo ndi anthu osakhulupirika, choncho pemphani pepala la okushoni: giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, chilembo cha R chikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Yochokera kumadera a chipale monga Hokkaido imakhala ndi dzimbiri pansi, ndipo ena amabwera ndi matayala a nyengo yozizira amene pa phula lotentha amafewa n'kutha ngati sopo. Asintheni musanayambe bizinesi. Palinso masamba abodza a pa intaneti otengera mayina a makampani odziwika, ndi anyamata a pa Facebook amene amasowa ndalama ikangolowa.

## Njira yachinayi: okushoni ya mabungwe, makampani ndi boma

Demo imene sinagulidwe msanga imasanduka galimoto ya antchito a kampani kapena imagulitsidwa ku bungwe, ndipo patapita zaka mumakumana nayo pa okushoni ili ndi makilomita ambiri, kapeti ija itaiwalika kalekale.

Mtengo. Ukhoza kukhala wotsika modabwitsa, ukhozanso kukwera chifukwa cha mpikisano wa amuna awiri osafuna kugonjerana. Pamwamba pa mtengo wa nyundo pamabwera gawo la wochititsa okushoni, ndipo amafuna ndalama yonse m'masiku ochepa. Magalimoto ambiri a mabungwe analowa opanda msonkho, ndipo pogulitsidwa MRA imafuna gawo lake dzina lisanasinthidwe. Funsani tsiku loonera kuti alipire ndani.

Kapezekedwe. Mwa apo ndi apo, amalengeza m'nyuzipepala, kawirikawiri ku Lilongwe ndi Blantyre. Ndi kuno kokha kumene munthu wamba angafikire Land Cruiser kapena Hilux ya 4x4 pa ndalama yake.

Kasamalidwe. A mabungwe ena amakhala ndi mbiri ya sevisi yolongosoka kuposa ya munthu aliyense. Ena, makamaka amene anaima zaka pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi, anazulidwazulidwa kuti akonzere anzawo. Sungani ndalama ina pambali, chifukwa mwezi woyamba ndi wa makaniko.

Zoopsa. Mumagula mmene ilili, osayendetsa, osabweza. Pitani ndi makaniko amene mumamulipira inuyo, agone pansi ayang'ane chasisi ngati inawotcheredwapo. Posintha dzina ku Road Traffic pitani nokha ndi khadi lanu. Madobadoba a pa geti amafulumizitsa zinthu mpaka tsiku limene pepala lawo likanidwa pa rodibuloko.

## Ndiye ndani atenge iti

Mwini malo ogona alendo ku Senga Bay, kontirakitala, kapena mlimi wa nzimbe wamkulu amene banki ingamukongoze ndipo amapita ku Lilongwe mwezi uliwonse pa zifukwa zina: demo ya dila wa kuno ndi yanu, makamaka imene sinalembetsedwe. Yerekezani kaye ndi yatsopano yopanda zokongoletsa. Ngati kusiyana kwake sikukwanira kulipira miyezi ya walanti imene yadyedwa, batire ndi matayala, tengani yatsopanoyo.

Wokhala ku Dwangwa kapena kupitirira, kumene ulendo wa sevisi ndi wa masiku awiri: walanti mudzaitaya ndithu chaka chisanathe, chifukwa tsiku lina mudzatopa n'kupita kwa makaniko wapafupi. Musalipirire chinthu chimene simudzachisunga. Pikapu ya zaka zingapo ya mtundu wodziwika, kaya ya pa okushoni ya bungwe losunga mabuku kaya ya pa yadi, ikuyenerani bwino.

Wofuna mtundu winawake umene kuno kulibe, amene angathe kupita yekha ku Johannesburg, kulowa m'shopu ya dila ndi kudikira mapepala a apolisi: demo ya ku Joni ndi yotheka. Wongotumiza ndalama kwa mbale kuti "aone yabwino", aisiye.

Woyendetsa takisi pakati pa Salima ndi Lilongwe, mphunzitsi, namwino, kapena banja lofuna galimoto ya kutchalitchi ndi kuchipatala: ya ku Japan, ndipo musankhe imene mukuiona yambiri pa siteji, chifukwa sipeya yake ili pafupi. Wonyamula usipa kuchoka ku Chia kapena chimanga kuchoka ku Khombedza ayang'ane Probox kapena kathiraki ka matani awiri ka injini yachikale yopanda sefa ya utsi.

Woyenda njira za fumbi nthawi ya dzinja, monga ogula mtedza ku Mwansambo kapena a mipingo oyendera nthambi za kumidzi: okushoni, ndi makaniko pambali panu ndi ndalama yokonzera m'thumba.

Mlamu wanga ali m'gulu la onyamula katundu wolemera pa phula ndi ndalama yosakwana kukongola kubanki. Ataimba foni patatha sabata, pikapu yoyera ija inali itatengedwa kale ndi bungwe lina. Anaitanitsa Dyna ya ku Japan, inafika pa Songwe patatha miyezi iwiri ndi theka ili ndi matayala a chipale, ndipo ndalama yoyamba ya mpunga inathera pa matayala asanu ndi limodzi.